Mtsutso wa chikhulupiriro ndi umboni ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti

Mtsutso wa chikhulupiriro ndi umboni ndi kukambirana, nthawi zina kukangana kumene, pakati pa akhristu ndi anthu amene sakhutira ndi zimene mpingo umaphunzitsa. M'chigwa cha kunyanja cha boma la Dedza, kumunsi kwa mapiri a Bembeke, mtsutsowu uli ndi mbiri yolembedwa kuyambira mu 1902, chaka chimene ansembe achikatolika a chipani cha White Fathers anafika pa Mua. Okayikira a kuno sanali anthu okana kuti kuli Mulungu. Anali Achewa ndi Angoni odziwa kale Chauta ndi mizimu ya makolo, komanso Ayao amene ambiri anali atalowa Chisilamu. Funso lawo kwa mlendo linali lomwe limafunsidwa pabwalo la milandu: mwanena, tamva, nanga mboni yanu ndani?

Malo ndi anthu ake

Mua ili patsinde pa phiri, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, pafupi ndi msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka. Mtakataka ili chakumpoto, Golomoti chakummwera, ndipo njanji imene inafika ku Salima mu 1935 imadutsa m'chigwa chomwechi. Ili ndi dera la Inkosi Kachindamoto, ufumu wa Angoni a Maseko amene anatsikira kunyanja m'zaka za m'ma 1890, koma anthu ochuluka m'midzi ndi Achewa, otsata mbumba ya kuchikazi.

Chipani cha White Fathers anachiyambitsa ndi Kadinala Charles Lavigerie ku Algeria mu 1868. Ulendo wawo woyamba m'dziko muno unali kwa Mponda, ku Mangochi, kuyambira 1889 mpaka 1891, ndipo anachokako osaphula kanthu. Pa Mua ndi pamene anakhazikika. Mishoni ya Mtakataka inatsegulidwa mu 1908, ya Bembeke mu 1910, asisteri anafika pa Mua mu 1911, ndipo mu 1927 panayambika chipatala cha odwala khate. Lavigerie analamula ansembe ake kuti aziphunzira chilankhulo cha eni dziko, azilemba m'buku zochitika za tsiku ndi tsiku, ndiponso asafulumire kubatiza: munthu wamkulu ankayenda kalasi zaka zinayi. Mabuku a tsiku ndi tsikuwo ndi amene Ian Linden anawawerenga polemba buku lake la mu 1974 lotchedwa Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland. Wowerenga azikumbukira kuti cholembera chinali m'manja mwa mbali imodzi. Mawu a anyakwawa ndi anamkungwi timawamva kudzera mwa anthu amene ankatsutsana nawo.

Mvula

Kwa mlimi wa m'chigwa chotentha ngati ichi, chipembedzo chimayesedwa ndi mvula. Achewa anali ndi akachisi a m'midzi, ndiponso kachisi wamkulu wa ku Msinja, kwa Makewana, kumene ankapereka nsembe mvula ikachedwa. Ansembe ankati nsembezo n'zachabe, koma nawonso ankapempherera mvula m'tchalitchi. Apa ndiye panali povuta. Mvula ikagwa pambuyo pa nsembe, wansembe ankati inali nthawi yake kale. Ikagwa pambuyo pa Misa, a kukachisi akanatha kunena zomwezo. Ikakana, mbali zonse zinali ndi chonena: awa ati mudzi walakwira mizimu, awa ati Mulungu ali ndi nthawi yake.

Vuto limeneli David Livingstone analiona kale ali pakati pa Abakwena, m'dziko limene lero ndi Botswana, ndipo analilemba m'buku lake la mu 1857. Sing'anga wa mvula anamuuza kuti Livingstone nayenso, pokhala dokotala, odwala ake ena amachira ena amamwalira, koma sataya mankhwala ake. Livingstone sanabise kuti sanakope ndi mmodzi yemwe pa mkangano umenewo. Tiyenera kuvomereza kuti sing'angayo anaganiza molongosoka. Mvula siikanagamula mlandu wa chipembedzo, ndipo ku Mua sinaugamule.

Achewa analinso ndi umboni wawo wogwirika ndi manja. Nthano ya chilengedwe imati mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika kumwamba pamodzi ndi mvula, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, n'kutera pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, thanthwe likadali lofewa, ndipo mapazi awo ndi a nyama anadindika pamenepo. Munda wa Edeni unali m'buku lochokera kutsidya kwa nyanja, koma Kaphirintiwa munthu akanatha kupitako wapansi n'kuloza ndi chala.

Matenda, imfa ndi makolo

Chipatala chinali umboni wamphamvu kwambiri umene mishoni inali nawo. Zilonda zinkapola, malungo ankatsika, akhate amene midzi inkawasala anapeza powasamala. Komabe anthu ankalandira mankhwala osalandira chiphunzitso, ndipo sankaona chachilendo pamenepo: sing'anga wabwino umapita kwa iye ngakhale sumupembedza. Funso la mwini mbumba linali lakuya kuposa dzina la nthenda. Mzungu akati mwana wafa ndi malungo, atsibweni a mwanayo sankakana. Chimene ankafuna kudziwa n'chakuti, udzudzu ukuluma mudzi wonse, bwanji wapita uyu, ndipo bwanji chaka chino chimene anayambana ndi uje pa za munda? Yankho ankalifuna ku maula, ndipo kale ku mwavi, umene boma la atsamunda linauletsa m'lamulo la za ufiti la mu 1911. Mchape wa m'ma 1933 ndi 1934, umene unayenda m'madera ambiri a dziko lino kumwetsa anthu mankhwala othetsa ufiti, unakoka ndi akhristu omwe. Zimenezo zinaonetsa kuti katekisimu anali asanayankhe mantha a anthu.

Panalinso mchitidwe wobatiza odwala mwakayakaya, umene m'mamishoni ambiri a mu Africa unabala mphekesera yakuti madzi a ubatizo ndiwo amapha. Kuganiza kwake n'komveka: wabatizidwa madzulo, m'mawa maliro. Kulakwa kwake n'kwakuti imfa ndiyo inkaitana ubatizo, osati ubatizo kuitana imfa.

Funso lolemera koposa onse linali la makolo. Ngati wosabatizidwa salowa kumwamba, agogo amene anafa ansembe asanafike ali kuti? Kwa munthu amene amathira nsembe patsinde pa mtengo, amene amalota amayi ake n'kudzuka kukafulula mowa wa bona, kumwamba kopanda abale ake sikunali malo okhumbika. Uku sikunali kuuma mtima. Kunali kufunsa ngati Mulungu wa ansembe ndi wachilungamo, ndipo ndi funso limene anzeru a mpingo m'maiko ena analimbana nalo kwa zaka mazana ambiri.

Gule wamkulu monga yankho

Mkangano waukulu pa Mua unali wa sukulu ndi dambwe, ndipo unafika poipa m'zaka za m'ma 1920. Onse awiri ankafuna mnyamata yemweyo. Mphunzitsi wa mishoni ankamufuna pa kalasi, akuluakulu a mzinda ankamufuna kudambwe kuti agule njira. Kwa mfumu ya mudzi, mzinda ndiwo unali ulemu wake, ndiponso kwa Achewa okhala pansi pa Angoni ndi azungu gule anali chinthu chawochawo chimene mlendo sakanachilamulira. Mpingo unkaletsa masakramenti kwa wolowa gule, a gule nawo ankasokoneza masukulu, ndipo milandu inkafika kwa bwanamkubwa wa boma ku Dedza. Matthew Schoffeleers ndi Linden analemba za kulimbana kumeneku mu 1972.

Eni gule sankalemba mabuku, koma ankayankha. Pabwalo panatulukira zilombo za mayina a m'tchalitchi: Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, wovala za chizungu, wovina modzikweza, Maliya wa duku kumutu ndi chitenje m'chiuno, woyenda mwaulemu pakati pa amayi oimba, Yosefe ndi ena otero. Ansembe a nthawi imeneyo ankaona chipongwe chokhachokha. Chipongwe chinalipo ndithu, koma panalinso mfundo. Powavinitsa pabwalo limodzi ndi Chadzunda ndi Kasiyamaliro, a gule ankanena kuti alendowa ndi oyera mtima awo ali ndi malo m'dziko la mizimu limene makolo analidziwa kale, ndipo sakubwera ndi china choposa. Eni ake amamutcha gule pemphero lalikulu. Pamaliro ndi pamene mbali ziwirizi zinkagundana maso ndi maso: mtembo umodzi, abale ena akufuna nyimbo za mpingo, ena akufuna ng'oma.

Mpingo uyamba kumvetsera

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono, ndipo ana a kuno anatengapo mbali yaikulu. Cornelius Chitsulo, wa ku Mua, anakhala wansembe woyamba wachimalawi mu mpingo wa Katolika, kenaka episkopi woyamba wachimalawi, wa ku Dedza, mu 1957. Patrick Kalilombe anabadwira ku Mua mu 1933, analowa chipani cha White Fathers, ndipo anadzozedwa episkopi wa Lilongwe mu 1972. Iye ndiye analimbikitsa miphakati, kumene akhristu amawerenga Baibulo ndi kufunsana okhaokha m'midzi, chinthu chimene boma la Kamuzu linachikayikira mpaka iye anatuluka m'dziko. Mu 1979 anasindikiza nkhani yofunsa ngati chipembedzo cha makolo a mu Africa chinali njira imene Mulungu ankafikira anthu ake. Funso lija la agogo linali litabwereranso, tsopano m'kamwa mwa episkopi. Msonkhano waukulu wa Vatican II, wa 1962 mpaka 1965, unali utaphunzitsa kale kuti anthu amene sanamve Uthenga Wabwino, osati mwa kufuna kwawo, koma amatsata chikumbumtima chawo moona, angathe kupulumuka.

Mu 1976 Bambo Claude Boucher wa ku Canada, amene anthu amamutcha Achisale, anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zosemasema a Kungoni pa Mua. Nyumba yosungiramo mbiri ya Chamare, yotchedwa dzina limene anthu anapatsa Bambo Champmartin, ili ndi mbali za Achewa, Angoni ndi Ayao. M'chipinda cha gule muli nkhope zoposa 400, zambiri zopachikidwa pa chimtengo chapakati kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo kujambula zithunzi m'menemo n'koletsedwa. Boucher anatha zaka zambiri akufunsa akuluakulu tanthauzo la chilombo chilichonse ndi nyimbo yake, n'kutulutsa buku la When Animals Sing and Spirits Dance mu 2012. Chimene anapeza n'chakuti zilombo zambiri zimaphunzitsa mwambo: zimadzudzula umbombo, chigololo, ulesi ndi nkhanza za olamulira. Bungwe la UNESCO linalemekeza gule wamkulu mu 2005 monga chuma cha anthu onse.

Si onse anakondwa. Akhristu ena, m'Katolika momwemo ndi m'mipingo ina, amati kumeneku n'kusakaniza kuwala ndi mdima, ndipo mipingo yambiri mpaka lero imadula wolowa gule. Ena mwa eni gule amadandaula kuti za kudambwe zaikidwa poyera. Madandaulo onsewa ali ndi maziko. Komabe ntchito ya pa Kungoni inakonza chinthu chimodzi chimene chinalakwika pachiyambi: munthu sungatsutse bwino chimene sunachimvetse, ndipo ansembe oyamba anaweruza gule asanafunse eni ake.

Okayikira a masiku ano

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 77 mwa 100 alionse ndi akhristu, pafupifupi 14 ndi Asilamu, ndipo onena kuti alibe chipembedzo ndi ongopitirira pang'ono 2. Wokana Mulungu poyera ndi wosowa m'midzi ya Golomoti kapena Mtakataka, koma mafunso ali mbwee. Wophunzira wa kusekondale amamva za masiku asanu ndi limodzi a Genesis Lamulungu, Lolemba n'kumva kuti zamoyo zinasinthika pa zaka mamiliyoni. Mpingo wa Katolika suona udani pakati pa ziwirizi, ndipo kalata ya Papa John Paul II ya mu 1998, Fides et Ratio, imaphunzitsa kuti chikhulupiriro ndi nzeru zimafunana. Koma chiphunzitso chimenechi sichifika kawirikawiri kwa mwana amene akufunsayo, ndipo iye amakapeza mayankho pa foni. Pamsika, alaliki achikhristu ndi achisilamu amatsutsana pa za Utatu Woyera ndi umwana wa Yesu. Aneneri olonjeza machiritso abweretsanso nkhani ya umboni mwa njira yoopsa, makamaka pamene wodwala auzidwa kuti asiye ma ARV poti wachira. Pamenepo wokayikira amene akuti tiyeni tikayezetse kuchipatala akunena zoona, ndipo mkhristu woganiza bwino ayenera kuima naye.

Nkhani ya ufiti ndiyo yasonkhanitsa mbali zonse. George Thindwa, amene ankatsogolera bungwe la Association for Secular Humanism, anatchuka m'zaka za m'ma 2010 pomenyera ufulu nkhalamba zomangidwa pa milandu ya ufiti, ndipo analonjeza ndalama kwa aliyense amene angamulodze. Akhristu ambiri anakhumudwa ndi kusapembedza kwake, ena n'kumati Baibulo lomwe limatchula za afiti. Koma lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo nthambi ya Chilungamo ndi Mtendere ya mpingo wa Katolika yakhala ikudzudzula kuphedwa kwa okalamba oganiziridwa ufiti. Wosapembedza amateteza gogoyo poti palibe umboni, mkhristu amamuteteza poti ndi chifaniziro cha Mulungu ndipo kuchitira mnzako umboni wonama ndi tchimo, pamene m'midzi yambiri mlanduwo umayambirabe kwa anyakwawa, usanafike kupolisi kapena kuparishi.