Zikwama za Oyeza Minda a ku Nsaru ndi ku Kabudula

Kale malire a munda kuno kwathu sankalembedwa papepala. Ankakhala m'mutu mwa anyakwawa ndi eni mbumba, ndipo pansi ankaoneka ndi chulu, mkuyu, mzere wa khonje kapena wa nkhadze. Mkamwini akafuna polima, atsibweni a mkazi wake ankayenda naye n'kumuloza kuti kuyambira pa chulu icho mpaka kudambo uko, basi nkhani yatha.

Zinthu zinasintha mu 1967 pamene boma linakhazikitsa malamulo atsopano a malo, kuphatikizapo lamulo lolembetsa malo m'kaundula. Chaka chotsatira, mu 1968, inayamba pulojekiti ya Lilongwe Land Development Programme ndi ngongole ya World Bank. Achikulire a ku Nsaru, Mpingu ndi Kabudula amaikumbukira ndi misewu, mijigo, misika ndi milambala yoteteza nthaka. Amaikumbukiranso ndi ndunda, pamene malo a banja lonse ankayezedwa n'kulembedwa m'dzina la munthu mmodzi woimira mbumba. Ntchito imeneyi ndi imene inabweretsa anthu onyamula zida zoyezera malo m'midzi mwathu, ndipo bambo anga anali mmodzi wa okoka tcheni.

Tcheni chakale cha oyeza malo chinali chotalika mapazi 66, cholumikizidwa ndi mfundo 100. Matcheni khumi mulitali ndi tcheni chimodzi mulifupi, ndiye ekala imodzi. Tchenicho sichinkafuna ulemu uliwonse. Ankachikwakwaza m'zitsamba, madzulo n'kuchipinda, n'kuchimanga ndi lamba. Zithunzi za minda zojambulidwa pa ndege zinkafuna kubisidwa ku mvula. Koma chida chimene bambo ankachitchula ndi mawu otsika chinali kampasi, yomwe sankaloledwa n'komwe kuigwira popanda bwana wao.

Kampasiyo inali ya mkuwa, ndipo inkagona m'chikwama cha chikopa chokhuthala, chosokedwa molingana ndi msinkhu wake kuti isamagwedezeke. Chomangira chake chinalinso cha mkuwa. Ndili mwana ndinkayesa kuti n'kukongoletsa chabe, koma bambo anandiuza chifukwa: chitsulo chimakoka singano ya kampasi, mkuwa sukoka. N'chifukwa chake poyeza ankauza anthu kuti makasu, nkhwangwa ndi njinga zikhale patali. Amfumu ena ankakwiya poona mnyamata akuwapempha kuti asendeze njinga yao pamunda wao womwe. Adani a chikwamacho anali chuku cha nthawi ya dzinja ndi makoswe, choncho chinkapakidwa polishi ndi kupachikidwa pakhoma, osati kuikidwa pansi. Amene anasoka chikwama chimenecho ankadziwa chimene chili m'kati mwake, ndipo zikwama zambiri zimene ndaona pambuyo pake sindingazinenere zimenezo.

Ine ndinalowa ulangizi pulojekiti ija itasanduka kale Lilongwe ADD. Ife alangizi sitinali oyeza malo enieni, koma munda tinkayeza ndithu, pofuna kudziwa feteleza wofunika ndi zokolola zoyembekezeka. Njira yachidule inali mapazi: masitepe aakulu 70 uku, 70 uku, ndiye pafupifupi ekala. Njira yolondola inali tepi ndi kampasi, kuima pa ngodya iliyonse, kulemba, kenako kukawerengera ku ofesi. Ukapeza kuti mizere yako sikukumana pamene unayambira, unkabwereranso. Munda umodzi wokhotakhota unkatha kukudyera m'mawa wonse. Zonsezi tinkaziika m'chikwama cha kanvasi, n'kumanga ndi malegeni pa kaliyala wa njinga.

Pambuyo pake kunabwera GPS. Imeneyi inapangidwira asilikali a ku America, ndipo kwa zaka zambiri anthu wamba ankapatsidwa dala chizindikiro chosokonezedwa, cholakwitsa ndi mamita ofika 100. Mu Meyi 2000 boma la Bill Clinton linasiya kusokoneza kumeneko, ndipo m'chaka chomwecho kampani ya Garmin inatulutsa eTrex, kamakina kachikasu kokwana m'dzanja, koyendera mabatire awiri a AA. Kanatenga zaka kuti kafike ku Nambuma, koma kanafika. Pa kafukufuku wa mabanja wa 2010 mpaka 2011, a National Statistical Office anayeza minda ndi GPS. Kuyambira 2012, ulimi wa fodya wa kontirakiti utakhazikika, alangizi a makampani a ku Kanengo anayamba kuzungulira minda ndi timakinati, chifukwa ngongole ya feteleza imatsata kukula kwa munda. Akafukufuku anapeza zimene ife tinkaziona kale ndi maso: mwini kamunda kakang'ono amakakuza pofotokoza, pamene mwini munda waukulu amauchepetsa.

Alimi sanakalandire msanga kamakinako. Mayi wina wachikulire kufupi ndi Ukwe anandiimitsa ndisanamalize kuzungulira, nati, “Alangizi, kachinthu kanuko kakuuza ndani za munda wanga?” Ndinayankha kuti, “Agogo, kameneka kamangomva, sikayankhula.” Ndi zoona. Kamamvera masetilaiti amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo kamafuna anayi kapena kuposerapo kuti kadziwe pamene kaima. Sikatumiza kanthu kumwamba. Koma munthu amene anaona ndunda ali ndi chifukwa chofunsira.

Timakinati nthawi zambiri tinkafika m'katoni, popanda chikwama, ndipo wolandira ankasainira. Kakawonongeka, funso linkabwera kwa iwe. Pamenepo aliyense anayamba nzeru zake. Chikwama choyamba cha GPS m'dera lino chinali sokosi ya pa kaunjika. Chachiwiri chinali pepala la shuga, lomwe ndi lolimba kuposa jumbo yopyapyala ija boma linailetsa mu 2015. Ena ankaphatikiza, sokosi m'kati, pepala kunja. Sindiseka njira imeneyi, pakuti sokosi inkatetezadi galasi ku makiyi ndi makobidi a m'thumba. Pepala ndi limene linali ndi chinyengo. Ukamanga zolimba makina ali onyowa ndi thukuta kapena mame, n'kuwasiya padzuwa, m'kati mumachita nthunzi, ndipo chinyezi chimakhala pomwepo tsiku lonse.

Ambiri tinkaopa mvula kuposa china chilichonse, pamene makina oterewa amapangidwa kuti apirire madzi. Chizindikiro cha IPX7 chimene chimalembedwa pa ambiri chimatanthauza kuti angamire m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osawonongeka. Mvula ya Januwale siwapha, malinga ngati chitseko cha mabatire chatsekedwa bwino ndipo mphira wake sunang'ambike. Zimene zimapha makina kuno ndi zina. Ndi fumbi la katondo la Seputembala ndi Okutobala, lolowa m'mphepete mwa mabatani. Ndi kugwedezeka kwa njinga yamoto pa msewu wa mabampu, makina akugundana ndi sipanala m'chikwama chimodzi. Ndi kutentha kwa pa thanki ya njinga yoimikidwa padzuwa. Choposa zonse ndi mabatire otsika mtengo oiwalidwa m'kati nyengo yoyeza ikatha. Amatuluka madzi oyera aja n'kudya tizitsulo, ndipo pamenepo palibe chikwama chingathandize.

Kenako kunabwera zikwama zogula. Kuli mabokosi apulasitiki olimba, okhala ndi siponji m'kati ndi mphira pachivundikiro. Amenewa ndi abwino paulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Kabudula, koma m'munda alibe ntchito, chifukwa makina uyenera kuwatulutsa n'kuwagwira m'manja, mutu wake uli kumwamba. Kuli malaya amphira ovekera makinawo, amene amathandiza akagwa pa mwala kapena pa simenti. Vuto lake, fumbi limalowa pansi pa mphirayo n'kumapala pang'onopang'ono, choncho uyenera kuwavula ndi kupukuta kawirikawiri, ndipo ndi ochepa amene amachita zimenezo. Kulinso timatumba tokongola totsekera ndi maginito. Titafika timeneti ndinakumbukira bambo. Makina ena a GPS ali ndi kampasi yamagetsi m'kati, ndipo maginito amaisokoneza monga momwe khasu linkasokonezera kampasi ya mkuwa ija. Kuwerengera kwa maekala sikudalira kampasiyo, koma ukamafuna bikoni yobisika m'tchire, muvi umakuloza kolakwika.

Chikwama chabwino koposa chimene ndinagwiritsa ntchito chinasokedwa ndi telala wa pakhonde pa Nsaru. Ndinamupatsa makinawo m'manja kuti ayeze yekha. Anadula kanvasi ya tenti yakale, m'kati anaika nsalu yofewa ya bulangete, pansi anapinda kawiri, chivundikiro anachitalikitsa kuti chigwere kutsogolo n'kumangidwa ndi batani wamba. Zipi anaikana yekha. “Achimwene, zipi ndi fumbi la kuno sizigwirizana,” anatero, ndipo sananame. Kumbuyo anasokerako lamba wolowetsa m'chiuno, pambali kathumba ka mabatire awiri apadera. Anzanga ataona anapita okha, ndipo nyengo imeneyo telala uja anasoka zambiri.

Wina akandifunsa lero, ndimamuuza kuti ayambe ndi chingwe cha pakhosi kapena cha padzanja, chikwama chibwere pambuyo. Makina ambiri amagwa polumpha mizere kapena ngalande, dzanja lina lili ndi kope. Chikwama chikhale chothina bwino, chofewa m'kati, chopanda maginito, ndipo chikhale cha mtundu wowala. Chakuda chimatentha padzuwa, komanso chikagwa m'munda wa fodya wa bale amene wakula, mudzachifuna mpaka dzuwa kulowa. Chitini chokhala ndi chivundikiro n'chabwino posungira kunyumba chifukwa cha makoswe, mabatire atachotsedwa, koma musayembekeze kuti makina amva masetilaiti ali m'chitsulo.

Achinyamata amene akugwira ntchitoyi tsopano ambiri alibe GPS yapayokha. Kalembera wa 2018 anachitika ndi matabuleti, ndipo kuyambira pamene lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsanso nkhani yolembetsa minda, oyeza amafika m'midzi ndi matabuleti ndi mafoni. Zida zimenezi zili ndi mapu okongola, koma galasi lake ndi lalikulu, zimatentha msanga, ndipo batire yake sungaisinthe pa golosale ya pa Mpingu. Pa izi malaya amphira okhala ndi ngodya zokhuthala ndi ofunikadi, pamodzi ndi kagalasi komata pamwamba. Mdzukulu wanga amene amayeza minda ya fodya kumbali ya Namitete anagula zonse ziwiri m'tauni, koma pokwera njinga yamoto foniyo amaikulungabe m'kansalu, n'kuiika m'thumba la pachifuwa, kutali ndi masipanala.