Amene anaulankhulira mtsinje wa Kafue

Ku Highlands mu Livingstone anthu amamwa madzi a Zambezi, ndipo ambiri amayesa kuti za migodi ndi nkhani ya a ku Copperbelt okha. Koma mbiri ya Kafue ikusonyeza kuti mtsinje umatetezedwa ndi anthu wamba amene amaumwa, ndipo akachedwa kulankhula amapulumutsa zochepa. Mu November 2006 madzi a asidi ochokera ku mgodi wa Konkola Copper Mines ku Chingola anathira mu mtsinje wa Mushishima n'kulowa mu Kafue. Bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe linalipo, malamulo analipo, koma amene anakasuma anali James Nyasulu ndi anzake 2,000. Khothi lalikulu linawagamulira zowakomera mu 2011, ndipo mu 2015 khothi la Supreme linatsimikiza kuti kampaniyo inalakwa, ngakhale chipukuta misozi linachichepetsa kwambiri. Chaka chomwecho alimi 1,826 a m'midzi monga Shimulala ndi Hippo Pool anakasumira Vedanta, mwini mgodiwo, ku London. Chilekwa Mumba, amene ankayenda m'midzimo kusonkhanitsa anthu, mpaka anamangidwapo. Mu April 2019 khothi la ku Britain linalola kuti mlandu uzengedwe komweko, ndipo mu 2021 kampaniyo inalipira osavomera kulakwa. Taganizani: zaka 15 munthu akudikira, dimba lake litauma kalekale.

Ena amati odandaulawa amathamangitsa chitukuko, poti mkuwa ndiwo umabweretsa pafupifupi 70 peresenti ya ndalama zakunja za Zambia. Nzoona, ndipo palibe wanzeru amene akunena kuti migodi yonse itsekedwe. Komatu ndalamazo sizinaletse damu la zinyalala la Sino-Metals ku Chambishi kugumuka pa 18 February 2025. Asidi anadzaza mtsinje wa Mwambashi, nsomba zinafa mu Kafue, mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa. Wolipira woyamba anali msodzi ndi mlimi, amene pa phindu la mkuwa salawapo kanthu.

N'chifukwa chake nkhondo ya ku Lower Zambezi ndiyo ndiiwerengera kuposa milandu yonseyi. ZEMA, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe, inakana mgodi wa Kangaluwi kumeneko mu 2012, nduna inauloleza mu 2014, koma mabungwe ndi nzika sanatope ndi makhothi ndi zikalata zodandaula mpaka boma linauimitsa mu 2023, mkuwa usanakumbidwe. Kumeneko kunalibe woti apukutidwe misozi, chifukwa madzi anali akadali oyera. Migodi ikukula ku North-Western, ndipo mitsinje ina ya kumeneko imathira mu Kabompo, Kabompo n'kuthira mu Zambezi kumtunda kwa Livingstone. Anthu a ku Highlands, ZEMA ikaitana maganizo a anthu pa mgodi watsopano wa kumtundako, lembani ndipo pitani mukalankhule, chifukwa madziwo adzafika m'mipopi yanu.