Mitengo Yotsala Kumanda

Ndikamaphunzitsa za Aaziteki a ku Mexico, ana a sukulu amathamangira nkhani yopereka anthu nsembe. Ine ndimawaonetsa china. Pamwamba pa kachisi wamkulu wa mumzinda wa Tenochtitlan panali tinyumba tiwiri: ka Huitzilopochtli, mulungu wa nkhondo, ndi ka Tlaloc, mulungu wa mvula. Alimi a chimanga amenewa ankadziwa kuti mvula ilibe mwini pansi pano. Asipanishi anagonjetsa mzindawo mu 1521, kachisiyo nakwiririka mpaka 1978, pomwe anthu okumba ngalande ya magetsi anatulukira chimwala chosema.

Nafenso ndife ana a chimanga. Makolo athu Achewa ankapempha mvula kwa Chauta ku Msinja, ku Malawi, kudzera mwa Makewana. Akachisi athu sanali amiyala, anali audzu ndi nkhalango.

Mukamapita ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, tayang'anani m'mbali mwa msewu wochokera ku Sinda kupita ku Katete. Matumba a makala ali mbwee, minda ili pululu, koma kumanda mitengo idakali chiimire. Kulibe mpanda, kulibe mlonda. Nkhwangwa imaopa mizimu ndi dambwe. Ulemu umenewu ukadzatha, mvula tidzakaipemphera kuti?