Fani ya galimoto: kuchoka pa lamba kufika pa waya

Ife amene timadya za magetsi a galimoto timadziwa kuti Okutobala akafika, ntchito ya fani imachuluka pa galaja. Minibasi imene imayenda bwinobwino m'nyengo yozizira imayamba kuwira pokwera zitunda za ku Thabwa kuchokera ku Chikwawa, ndipo mwini wake amabwera ndi pempho limodzi: timuikire fani ya magetsi. Pempholi lili ndi mbiri imene ndimafuna mnyamata aliyense wogwira waya aidziwe.

Kale fani inkadalira lamba. Ford Model T, imene inayamba kupangidwa mu 1908, pa zaka zake zambiri inalibe ngakhale pampu ya madzi. Madzi otentha ankakwera okha kupita ku rediyeta, ozizira n'kutsikira ku injini, fani ikupotedwa ndi lamba. Vuto linali lakuti fani yotere imatsatira liwiro la injini, osati kutentha kwake. Galimoto ikamathamanga, mphepo ikulowa yokha, fani imadya mphamvu pachabe. Ikaima pa mzere dzuwa likuswa mtengo, injini ikulira pang'onopang'ono, fani nayo imafooka pa nthawi imene ikufunika kwambiri. Pambuyo pake kunabwera kilatchi ya mafuta a silicone, imene imagwira fani mpweya wa ku rediyeta ukatentha, n'kuitaya ukazizira.

Chimene chinakankhira fani ku magetsi ndi kakhalidwe ka injini. Mu 1959 Alec Issigonis anaika injini ya Mini chopingasa, ndipo kuti lamba afikebe pa fani, rediyeta anaikhazika cham'mbali. Fiat 128 ya 1969 inatenga njira ina: rediyeta kutsogolo, fani ya mota yakeyake, ndi swichi yomva kutentha. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, opanga galimoto anayamba kuwerengera mphamvu iliyonse yotayika, ndipo Volkswagen Golf ya 1974 inafalitsa kapangidwe ka fani ya magetsi kameneka. Ku England, kampani ya Kenlowe inkagulitsa mafani a magetsi kwa anthu ofuna kusintha galimoto zawo zakale. Ntchito imene timachita lero ku Ndirande kapena ku Biwi inayambira m'manja ngati amenewo.

Kuno kwathu nkhaniyi inakula m'zaka za m'ma 1990, pamene maminibasi anadzaza m'misewu, mabasi akuluakulu a Stagecoach akucheperachepera. Toyota HiAce, imene inayamba kupangidwa mu 1967, inkafika itagwirapo kale ntchito ku Japan. Mtundu wake wa 1989 mpaka 2004 uli ndi injini pansi pa mipando ya kutsogolo, malo opanikizika, ndipo fani yake ndi ya lamba ndi kilatchi ija. Kilatchi ikatopa, galimoto itadzaza anthu ndi matumba a chimanga, geji ya kutentha imakwera. Amakaniko anayamba kugula mafani a galimoto zophwasulidwa n'kuwamangirira pa rediyeta.

Apa ndi pamene luso limasiyanitsa anthu. Fani yaikulu imakoka maampu 10 mpaka 20, ndipo poyamba kuzungulira imakoka oposa pamenepo. Mphamvu yotere siidutsa pa kaswichi ka pa dashibodi, imafuna relay. Manambala olembedwa pansi pa relay anachokera ku Germany, pa muyezo wa DIN 72552. Pa 30 pamafika waya wonenepa wochokera ku batire, fyuzi ili pafupi ndi batireyo. Pa 87 pamachoka waya wopita ku fani. Pa 85 ndi 86 pali koyilo, imene imadzutsidwa ndi swichi ya kutentha madzi akafika madigiri 90 kapena kupitirirako pang'ono. Ethi imangidwe pa chitsulo chopalidwa bwino. Mawaya a mota akatembenuzidwa, fani imazungulira chobwerera n'kumalimbana ndi mphepo ya pa msewu. Ndiponso fani yopanda chikombole chake imangotakasa mpweya m'mbali, osaukoka kudutsa m'rediyeta yonse.

Chimene chimandiwawa ndi njira yachidule imene timaitcha "dayirekiti". Munthu amachotsa thermostat, swichi ya kutentha aitaya, fani ailumikiza ku kiyi popanda relay, fyuzi ikapsa amangapo waya. Potero wataya nzeru yonse imene inatenga zaka zambirimbiri kuti ipezeke, yakuti fani izimvera kutentha. Injini imachedwa kutenthedwa m'mawa ndipo imamwa mafuta ambiri, alternator imalemedwa, mota imatha msanga, ndipo waya wopanda fyuzi akakhudza bodi amayaka pansi pa mipando pamene pakhala anthu.

Ambiri mwa ife ntchitoyi sitinaiphunzire m'kalasi. Tinaitola poyang'ana manja a akuluakulu. Choncho chimene mmisiri wachita lero ndi chimene anyamata ake adzachite akadzatsegula magalaja awo. Relay, fyuzi ndi swichi mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi gasiketi yopsa kapena hedi yopindika. Mwini minibasi akakana kuzigula, ndi bwino kumufotokozera modekha, ndipo akaumirirabe, ntchitoyo tiikane, chifukwa moto ukadzabuka, opsa adzakhala okwera amene sanapemphe njira yachidule.