Waya wokwechera mapoto: kuchokera ku New York mpaka ku Chifunde

M'timaokala ta m'boma la Chifunde, kuyambira ku Mualadzi mpaka kuchipata cha Cassacatiza, simulephera kupeza timipukutu ta waya wokwechera mapoto. Ena amautchula kuti palha de aço, pomwe ozolowera malonda a ku Katete amati sitiluwulu. Mtengo wake ndi wochepa, koma unachokera kutali.

Agogo athu sankaufuna. Mphika wadothi ankautsuka ndi madzi ndi chitsononkho, ndipo mwaye wakunsi kwake sunali kudetsa nkhawa munthu. Zinthu zinasintha poto wa aluminiyamu atafika. Poto ameneyu ndi wopepuka ndiponso sasweka, koma akakhala pamafuwa amada msanga, ndiye amayi ankagwada kudambo n'kumamukwecha ndi mchenga ndi phulusa.

Vuto lomweli ndi limene linalowetsa wayayu m'khitchini ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, wogulitsa mapoto wina wa ku New York pamodzi ndi mlamu wake wosula ndolo ndi mphete anaphatikiza sopo ndi waya wosalala wochokera ku Germany. Anthu ataukonda, awiriwo anagwirizana ndi loya Milton Loeb, ndipo mu 1913 dzina la Brillo linalembetsedwa. Mu 1917 Edwin Cox, yemwenso ankagulitsa mapoto a aluminiyamu ku San Francisco, anatulukira waya wonyika kale m'sopo umene unatchuka ndi dzina la S.O.S. Ku Brazil, dzina lalikulu ndi Bombril, kampani imene Roberto Sampaio Ferreira anayambitsa ku São Paulo mu 1948.

Kapangidwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Makina amakoka waya wachitsulo n'kuudutsitsa pa mipeni ya mano ang'onoang'ono, imene imasenda timaulusi topyapyala. Timaulusito amatigawa m'magulu, kuyambira 0000, wosalala kwambiri wa akalipentala, mpaka 4, wokhakhala. Kupyapyalako n'kumene kumachititsa kuti wayayu uchite dzimbiri msanga ukangogona m'madzi. Choncho ufinyeni n'kuuyanika mukatha ntchito, ndipo poto mumutsukuluze bwino kuti tizidutswa tisatsalire m'nsima.

Chomvetsa chisoni n'chakuti dera lino si lachilendo pa ntchito ya chitsulo. António Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi amene anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wochoka ku Tete kupita kwa Kazembe, analemba za ng'anjo zimene makolo athu ankasungunuliramo miyala. Amisiri ankasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, n'kumagulitsa kutali. Lero chigawo chino cha Tete chili ndi malasha ku Moatize, magetsi ku Cahora Bassa ndi miyala yachitsulo pansi pa nthaka, koma mayi wa ku Chifunde akugulabe waya wobwera pa galimoto kuchokera kutali.

Kampani zonse zitatuzi zinayamba ndi anthu ochepa amene anaona vuto la m'khitchini n'kulipezera njira. Aboma ndi amalonda a m'chigawo chino aganizirepo: zidzukulu za osula makasu zikhoza kupanga waya wokwechera mapoto konkuno.