Mbiya za ku Kamwala ndi matanki a Chibuku

Lusaka itasanduka likulu la dziko mu 1935, Kamwala inali m'gulu la makomboni oyamba amene atsamunda anaikamo antchito akuda. Khonsolo inkafuna kuti aliyense azimwa moŵa ku holo yake, chifukwa phindu lake ndi limene linkayendetsa zinthu m'makomboni. Amayi ofulula ankasakidwa, moŵa wawo n'kutayidwa, ndipo m'zaka za m'ma 1950 nkhaniyi inaloŵa m'ndale zomenyera ufulu.

Chimene apolisi ankataya chinali choposa moŵa. Mayi wodziŵa ntchito sankatsuka mbiya mpaka kuyera mbee. Zotsalira za moŵa wakale, zomatirira m'mbali, zinali ndi yisiti ndi tizilombo tosasitsa, ndipo n'zimene zinkadzutsa phala latsopano lothiridwa chimera. Ankagwira mbiya kuti amve kutentha, kutchera khutu ku kuwira kwake, kulaŵa ndi chikho. Kukazizira mu June ankaifunditsa masaka. Ofulula chakumwa cha munkoyo amachitabe zomwezo ndi chipanda chawo.

Asayansi anafika pa nzeru yofananayo ndi zipangizo. Mu 1950 Jacques Monod ku Paris, komanso Aaron Novick ndi Leo Szilard ku Chicago, anafotokoza chemostat: botolo limene chakudya chimaloŵa pang'onopang'ono kwinaku zamkati zikutuluka pa mlingo womwewo, kuti tizilombo tizichulukana mosalekeza. Mu 1952 Bryson ndi Szybalski anaonjezera kachipangizo koyeza kuvunduka kwa madzi a m'botolomo, kamene kamatsegula pampu tizilombo tikachuluka. Ku New Zealand, Morton Coutts anagwiritsa ntchito nzeru yofanana ndi imeneyi pofulula moŵa, moŵa n'kumatuluka usana ndi usiku.

Chibuku sichinatsate njira imeneyo. Max Heinrich, amene anachiyambitsa ku Copperbelt, anatenga moŵa wa amayi n'kuupatsa miyezo yosasintha, koma ukufululidwabe thanki imodzi imodzi. Pakiti ya Chibuku ya Shake Shake imachoka ku National Breweries yisiti akugwirabe ntchito, n'chifukwa chake ili ndi kabowo kotulutsira mpweya. Tsiku loyamba moŵa ndi wotsekemera, ndipo pakatha masiku ochepa wasasa osamwekanso. Mu 2012 kunabwera Chibuku Super, chotenthetsedwa kuti tizilombo tife, chokhalitsa milungu itatu m'botolo la pulasitiki.

Mabuku anasunga maina a Monod ndi Heinrich, ndipo n'zopweteka kuti maina a amayi a ku Kamwala amene anasunga tizilombo tawo m'mbiya, apolisi ali pakhomo, sadziŵika.