Kodi Mphamvu ya Mpira wa Miyendo Ili Chigawo Chiti?

Munthu wokhala pa Golomoti ali ngati pamphambano. Boma lake la Dedza lili m'Chigawo cha Pakati, koma akangotsata msewu wa ku Monkey Bay, posakhalitsa wafika m'boma la Mangochi, lomwe ndi la Kum'mwera. Kapena n'chifukwa chake m'misika ya Golomoti, Mua ndi Mtakataka simutha mkangano wa okonda mpira wa miyendo wakuti: kodi mphamvu ya masewerawa m'dziko muno ili Kum'mwera, Pakati kapena Kumpoto?

Ofuna yankho lamsangamsanga amathamangira kuwerenga zikho. Mpikisano waukulu wa Super League udayamba m'chaka cha 1986, ndipo chiyambire matimu a mu Blantyre ndiwo akhala akuutenga kawirikawiri. Timu ya Bullets yokha idautenga kasanu n'kawiri motsatizana kuyambira 1999 mpaka 2005, ndipo idabwerezanso kasanu pakati pa 2018 ndi 2023. M'chaka cha 2004 timu yomweyi idafika m'ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Mnzake wopikisana naye, Wanderers, nayenso kwawo ndi ku Blantyre komweko. Tikangoima apa, mlandu watha: Kum'mwera kwapambana.

Koma wophunzira mbiri sakhutira ndi chiwerengero. Amafunsa chimene chidabala chiwerengerocho. Yankho lili m'maina amene matimuwa ankadziwika nawo: Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, Admarc Tigers, MDC United, ESCOM United. Onsewa ndi maina a makampani ndi mabungwe a zamalonda. Blantyre ndiye adali phata la malonda kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo kampani inkatha kugulira timu zovala, kuilipirira ulendo, ngakhale kupezera wosewera ntchito. Mnyamata waluso ankapita kumene kunali nsima. Ndalamazo zitaphwa, ena mwa matimuwa adafota. Maina a MDC United ndi ESCOM United, omwe adatengapo chikhochi, sakumvekanso mu ligi yaikulu.

Mphamvu ya Chigawo cha Pakati idadzera khomo lina. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975, maofesi a boma adasamuka nalo, ndipo mpira udatsatira. Silver Strikers ndi ya banki yaikulu ya Reserve, Civo idali ya ogwira ntchito m'boma, Blue Eagles ndi ya apolisi, pamene Kamuzu Barracks ndi Mafco ya ku Salima ndi za asilikali. Silver idalamulira ligi kwa nyengo zitatu zotsatizana mpaka 2013, ndipo idatenganso chikho mu 2024. Kamuzu Barracks idadzidzimutsa anthu mu 2016. Matimu a boma sakhala ndi khamu la ochemerera ngati la Maule kapena Manoma, komabe sagwa chisawawa, pakuti tsinde lawo silidalira phindu la malonda a chaka chimodzi.

Kumpoto chikho cha ligi sichidafikeko. Kodi ndiye kuti kulibe luso? Ayi ndithu. Gabadinho Mhango, amene chigoli chake chogoletsa dziko la Morocco mu Januwale 2022 chidadabwitsa Africa yense, adabadwira ku Chiweta m'boma la Rumphi, koma adatchukira ku Bullets. Zigoli zake za nthawi imeneyo zidalembedwa m'kaundula wa Kum'mwera. Apa tikuona kuti chikho chimatiuza kwawo kwa wolipira, osati kwawo kwa wosewera.

Pali chinyengo chinanso m'kuwerenga zikho, ndipo chitsanzo chake chomveka bwino tichipeza kutali, m'masewera a basiketibolo a ku America. Ligi yawo ya NBA ili ndi matimu 30 ogawidwa m'mbali ziwiri, ya Kum'mawa ndi ya Kumadzulo, ndipo timu iliyonse imasewera masewera 82 ndime yotsiriza isanafike. M'chaka cha 2008, mbali iliyonse inkatumiza matimu asanu ndi atatu ku ndime yotsirizayo. Chikho chidapita Kum'mawa, kwa Boston Celtics. Komatu chaka chomwecho Golden State Warriors ya Kumadzulo idapambana masewera 48 n'kulephera kulowa m'ndimeyo, pamene Atlanta Hawks ya Kum'mawa idalowa itapambana 37 okha. Mfumu idali Kum'mawa, koma mudzi wa amuna amphamvu udali Kumadzulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Muyeso umenewu ukabwera kwathu, mkangano uja umasintha nkhope. Funso silikhalanso lakuti ndani adanyamula chikho, koma lakuti timu yachitatu, yachinayi ndi yachisanu ya chigawo chilichonse ikulimba bwanji. Kum'mwera kuli mitengo iwiri italiitali imene mthunzi wake umabisa kuchepa kwa mitengo yoizungulira. Pakati pali nkhalango ya mitengo yapakatikati. Ine ndikuona kuti pa muyeso uwu Chigawo cha Pakati sichiyenera kugwetsa nkhope, ngakhale ndikudziwa kuti wochemerera Maule wa pa Mtakataka sangandivomereze.

Nanga Dedza? Timu ya Dedza Dynamos idalowa mu Super League m'chaka cha 2022 itapambana ligi ya Chigawo cha Pakati, ndipo bomali lidakhala ndi dzina loliimira pakati pa akuluakulu. Koma bwalo lake lili kumtunda, pa boma, kumene kumazizira. Mnyamata wa kuchigwa amene amamenya chikulunga pamchenga wotentha wa kufupi ndi nyanja ayenera kukwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kuti akaonekere kumeneko. Akaonekera, galimoto yomutenga ikhoza kulowera ku Lilongwe, ikhozanso kulowera ku Blantyre.